Jenereta yopanda dizilo yatiphera masampulo

Sabata ino yandikwana, ndingonena kuti mwina mtima utsike.

Kuyambira Lolemba zinali zathu zomwe zija za kafukufuku wa udzudzu wa malungo, kudzuka mbandakucha m'midzi ya ku Chikwawa, kuyamwa udzudzu m'makoma ndi kamakina kotchedwa Prokopack eni nyumba asanatsegule mazenera, kenako kusankha ma funestus (mtundu wina wa udzudzu wofalitsa malungo) okhuta magazi n'kuwatsekera m'timachubu kuti aikire mazira. Ana a amene tinagwira mwezi watha tinawaika pa pepala lopakidwa permethrin (mankhwala ophera udzudzu) ola limodzi, titawerenga patatha maola 24 ambiri akungouluka ngati palibe chachitika, pomwe a Kisumu, udzudzu wa mu labu wosapirira mankhwala umene timayerekezera nawo, anagwa onse. Amene tinayamba tawapatsa PBO, mankhwala olepheretsa udzudzu kuphwanya permethrin m'thupi, ndiye anafa ndithu. Palibe chachilendo apa, funestus wa kuno amaphwanya mankhwala m'thupi ndi ma enzyme aja a CYP6P9a ndi CYP6P9b, n'chifukwa chake maneti a PBO tikuwakamba chonchi.

Nkhani ndi Lachinayi. Kufika m'mawa ku labu ndikupeza fuliza ya -80 ikulira, madzi ali pansi. Magetsi anazima dzulo lake madzulo, jenereta inangolira pang'ono n'kuzima poti dizilo munalibe, ndipo alonda anaimva alamu koma foni yawo inalibe ma units, ine sindingawanene bambo amenewa. M'fuliza muja munali udzudzu woti titengemo RNA, umene tinafuna tione nawo kuti majini a ma enzyme aja akugwira ntchito mwamphamvu bwanji chaka chino. Zikanakhala za DNA sindikanadandaula, izo zili pa silika woumitsira pa shelefu ndipo zimakhala miyezi osaonongeka, koma RNA ikangosungunuka n'kukhala usiku wonse chonchija basi yapita.

Chandiwawa kwambiri ndi yankho. Pepala lopempha dizilo tinalemba kalekale, linangokhala pa tebulo kudikira siginecha, koma sabata yomweyi ndalama ya wekishopu ku nyanja inatuluka tsiku limodzi. Ndiye abwana akuti "mungokagwira ena". Ena ake ati? Amene munawetapo funestus mukudziwa kuti si gambiae (mtundu wina uja wa udzudzu wa malungo) ameneyu, mu labu saswana wamba, mphutsi zake zimachedwa kukula ndipo zimafa ndi kanthu kochepa. Komanso udzudzu wa nyengo ino sungaime m'malo mwa uja tinagwira mvula ikutha, funso lathu linali la nyengo imeneyoyo. Nanga amayi aja amene amatitsegulira zitseko kusanache, ana ali chigonere, tikawauza kuti tabweranso chifukwa chani?

Lachisanu ndinangokhala pa PCR, kuyeza DNA kuti nditsimikize mitundu ya aja a pa silika, gel inatuluka bwino, pafupifupi onse funestus weniweni. Ma primer amene timagwiritsa ntchito pa PCR atsala pang'ono kutha ndipo oda yake imatenga miyezi. Mabokosi apansi amene anali akadali oundana ndawasamutsira ku labu ya anzathu, Lolemba ndikayesa ngati mwatsala RNA yoti n'kugwirira ntchito.