Ine bwana wa matipu pa sitima ya ku Durban

Anthu a ku Chilenje kwathu mpaka lero akandiona amafunsa kuti bwana za kunyanja zija zinayenda bwanji, ine ndimangoti zinali bwino n'kusintha nkhani. Koma poti amayi akunyumba ayamba kale kuifalitsa pa kitchen party iliyonse, ndipo akumathira mchere wawo, bola ndiinene ndekha mmene inakhalira.

Zonse zinayamba ndi chilimba. Kuntchito tili anthu 10, ndipo December 2024 inali nthawi yanga yodya. Pulani inalipo kale, ndalama ija inali ya malata a kanyumba kathu ka ku Chipata komwe kakhala kakunyowa ndi mvula zaka ziwiri. Ndiye alamu anga a ku Johannesburg, achimwene awo a madam, anatumiza chithunzi pa WhatsApp. Cruise, ulendo wokasangalala pa sitima yapanyanja, ya mausiku 4 kuchoka ku Durban kupita ku Portuguese Island ku Mozambique, chakudya chonse momwemo, mtengo wake m'ma rand wolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo pambali pake kamawu kakang'ono kakuti from. Chizungu ndimachidziwa ine, koma from ameneyu ndinamutenga ngati wa pa envelopu, from Lusaka to Katete. Koma pa mtengo wa cruise from amatanthauza kuti apa ndi poyambira chabe, kokathera mudzaona nokha.

Choyamba mtengo uja ndi wa munthu mmodzi, ndipo amawerengera kuti mugona awiri m'chipinda, ndiye ukangowerengera madam wawirikiza kale. Chachiwiri ndi wa kachipinda kotchipitsitsa pa sabata yomwe anthu sayenda, osati December pomwe South Africa yonse yatseka masukulu. Kenako pakubwera msonkho wa padoko, pakubwera inshuwalansi yomwe sungakane. Pomaliza kulipira malata anali atatha theka, ndege tinangoiiwala, tinapita pa Intercity kukakwera basi. Livingstone, mlatho wa Kazungula, Botswana yense usiku, kufika Joburg miyendo itatupa ngati mabanzi. Kuchoka apo alamu anatinyamula pa galimoto yawo mu N3 makilomita pafupifupi 570 mpaka ku Durban.

Anthu inu, sitima ija. Ine chinthu chachikulu chomwe ndinali nditachionapo pamadzi ndi maboti a kapenta ku Siavonga. Iyi inali ngati munthu watenga Findeco House n'kuigoneka chammbali panyanja, n'kuwonjezeranso ina pamwamba. Ndinavula chipewa osadziwa kuti ndikuvulira ndani.

Polowa anatipatsa aliyense kakhadi. Mtsikana wa pa desiki anafotokoza kuti kakhadi aka ndi kiyi wa chipinda, ndi chitupa chako potsika ndi pokwera, ndiponso ndi chikwama chako, mkati muno zonse ndi madola a ku America ndipo sitigwira cash. Anapempha khadi yanga ya kubanki n'kuilumikiza ndi kakhadi kaja. Pa zonse zimene ananena mutu wanga unangosunga mawu awiri, no cash, ndipo mtima unamasulira wokha kuti zaulele. Komanso m'thumba ndinali ndi madola 100 osinthasintha, ma 1 ndi ma 5, omwe ndinagula pa bureau mu Cairo Road dola itadutsa K27, chifukwa mnzanga wina wa kuntchito yemwe sanapitepo ngakhale ku Kafue anandilangiza kuti kumalo a azungu munthu wosapereka tipu samuwerengera.

Chipinda chathu chinali cha mkati, chopanda windo. Ukazimitsa getsi ndi mdima wa bii, sudziwa ngati kwacha kapena ayi. Chaka chimenecho madzi anali atachepa ku Kariba, malaiti ku Lusaka ankabwera ngati mlendo wodutsa, ndiye madam anangokhala pabedi n'kunena kuti abambo, tayenda ulendo wonsewu kudzagula mdima womwe tausiya kunyumba waulele?

Ubwana wanga unayamba madzulo omwewo. Titabwerako kodya tinapeza pabedi pali njovu. Mnyamata wokonza m'chipinda, wa ku Philippines, waulemu kwambiri, anali atapinda thaulo mpaka kutuluka njovu yeniyeni, chitamba, makutu, maso a timapepala. Ndinatuluka kukamusaka mu corridor n'kumupatsa madola 5. Mawa lake tinapeza nyani atalendewera pa hang'ala, ena 5. Madam kwawo ndi ku Mfuwe, anandiyang'ana n'kuti inu abambo, kwathu njovu zamoyo zimadya chimanga cha amayi usiku wonse sitilipira kuti tizione, inu mukulipira ya thaulo? Ine ndinati amayi, zinthu izi simungazimve, ndi za maulendo.

Weita wotibweretsera madzi, kangachepe. Wotiwaza mankhwala m'manja pakhomo la buffet, kangachepe. Mbiri inamveka msanga ndithu, ndikamadutsa anthu ovala yunifomu ankandimwetulira kuchokera patali, ine n'kumayenda ngati MP wabwera kudzaona chitukuko. Tsiku lachiwiri tinasochera pofuna lift, bambo wina wachikulire wovala zoyera mbee, mizere yagolide paphewa, anatiperekeza mpaka pomwe timafuna. Ndinapinda madola awiri, n'kumupatsa moni wa kwathu uja, dzanja lamanzere litagwira chigongono, ndalama ili m'chikhatho. Anayang'ana m'dzanja mwake, anandiyang'ana ine, n'kundibwezera mwaulemu akuseka. Ndinati mwina zachepa. Usiku wake kunali madyerero ovala bwino aja, kaputeni akuonetsa akuluakulu a sitima pa steji, wachiwiri kuitanidwa anali bambo yemwe uja, ati ndiye mkulu wa mainjiniya onse. Madam ananditsina pantchafu, chipsera chake chinatha sabata.

Koma chomwe chinandipha kwenikweni ndi suite ya alamu. Iwo sanagone kumdima kwathu kuja, anali pamwamba kutsogolo, kumalo komwe chitseko chimatseguka ndi khadi ya anthu a ma suite okha, moti anachita kubwera kudzatitenga ngati ana a sukulu. Kumeneko ndi dziko lina. Pabalaza pake, khonde loyang'ana nyanja, bafa yogonamo, zipatso m'mbale, malo awoawo odyera, ndipo ku Durban pomwe ife tinaima pamzere maola awiri iwo anangodutsa. Ali ndi munthu wawo wotchedwa butler, wovala magolovesi, yemwe ntchito yake ndi kufunsa ngati mukufuna china. Alamu anatsegula kafiriji n'kunena kuti mlamu tengani chilichonse, zonsezi zinalowa kale mumtengo.

Mawu amenewo ndinawanyamula bwinobwino, kutsika nawo nsanjika 6, mpaka m'chipinda chathu. Nafenso pansi pa TV tinali ndi kafiriji, komwe ndinkakaopa kuyambira tsiku loyamba. Ndinakatsegula. Tinsawa ta m'chitini, chokoleti, timabotolo ting'onoting'ono ta kachasu wa azungu, madzi, zakumwa zozizira. Panali kapepala pamwamba pake koma kanali ka zilembo zing'onozing'ono ndipo magalasi anali m'chikwama. Ndinasesa zonse. Mawa lake pobwera ndinapeza kadzazanso, ndinati taonani Mulungu wa chilimba sagona, ndinasesanso, ndipo mnyamata wa njovu uja ndinamuwonjezera madola 5 pomuthokoza kuti akudzaza msanga.

Za chakudya ndisaname, chinalipo. Buffet imakhala yotsegula pafupifupi tsiku lonse ndipo sulipira kanthu, nkhuku, nsomba, pizza, makeke, ungodzitengera. Kulinso lesitilanti yaikulu ya madzulo komwe amakupatsa tebulo lako ndi weita wako, nayonso ili mumtengo. Nsima yeniyeni yoti munthu n'kutsukira m'manja sindinaione, tsiku lachitatu thupi linayamba kufunsa. Chomwe chinkandinyansa ndi khalidwe la madam. M'mawa uliwonse pa buffet ankatenga mabanzi awiri atatu, timapaketi ta jamu ndi bata, kukulunga mu serviette n'kuponya m'handibegi. Ndinawakalipira monong'ona kuti amayi mukutichititsa manyazi, pano si pamaliro, anthu akundidziwa muno. Iwo anangoti ndamva abambo, n'kuwonjezera banzi lina.

Pofuna kuwaonetsa mmene anthu apamwamba amadyera ndinawatengera ku lesitilanti ina yaing'ono ya nyama zowotcha, ya makandulo patebulo. Sindinadabwe kuti bwanji kuli anthu ochepa chonsecho ku buffet akulimbirana mipando. Steak inabwera yokhuthala ngati njerwa, vinyo botolo lathunthu. Pomaliza weita anapempha kakhadi, anabweretsa kapepala koti ndisaine, pansi pake panali mzere wopanda kanthu wolembedwa tip, ndinalembapo 10 mokhotetsa dzanja ngati ndikusaina cheke cha boma. Sindinaone kuti pamwamba pake anali atathira kale 15% pa vinyo uja. Usiku womwewo mphepo inauka, Indian Ocean inayamba kutigwedeza ngati minibasi ya ku Kanyama nthawi ya mvula, ndipo steak ija, yomwe pambuyo pake ndinadziwa mtengo wake, inakhala m'mimba mwanga maola awiri okha.

Ku Portuguese Island kunali bwino, sitima imaima patali n'kukutsitsani pa timaboti, mchenga woyera, nyama yowotcha pagombe. Ndinajambulitsa zithunzi zambiri kwa anyamata a makamera omwe ankangotiitana kulikonse, ndipo madzulo ndinakasankha 6 zokakhoma pabalaza, n'kupereka kakhadi.

Usiku womaliza tikulongedza ndinamva kuti swee pansi pa chitseko. Envelopu. Ndinaganiza kuti ndi kalata yothokoza, mwina kaputeni wamva za ine. Anali mapepala awiri odzaza mizere. Nthawi iyi magalasi ndinavala. Minibar, minibar, minibar, kansawa kalikonse kali ndi mzere wake ndi tsiku lake. Steak. Vinyo ndi 15% yake ndi 10 wanga wodzipereka uja. Zithunzi. Ndiyeno mzere wina wobwerezedwa usiku uliwonse, hotel service charge, madola 10 ine, madola 10 madam, mausiku 4, madola 80. Pansi penipeni 410. Ndinatenga foni kuchulukitsa ndi 27, inatuluka nambala yopitirira K11,000, ndinazimitsa foni n'kuyatsanso kuti mwina yasokonezeka ndi nyanja.

Ndinapita ku reception cha m'ma 11 usiku nditavala patapata. Mzere unali ngati wa pa clinic Lolemba, aliyense pepala m'manja, nkhope zofanana. Itafika nthawi yanga ndinaloza mzere wa madola 80 uja n'kufunsa kuti ichi n'chiyani, ine hotelo sindinagoneko. Mayi wa pa desiki anayankha modekha, zikuoneka kuti funsoli amaliyankha kambirimbiri pa ulendo uliwonse, kuti imeneyo ndiye tipu, imalowa yokha pa bilu tsiku ndi tsiku ndipo imagawidwa kwa ogwira ntchito, okonza zipinda, maweita, ngakhale ochapa ndi otsuka mbale omwe simuwaona. Ndinati nanga madola 100 omwe ndagawa ndi manja angawa? Anamwetulira n'kuti umenewo ndi mtima wanu wabwino bwana. Ndinati nanga firiji, alamu anga akumwa ulele pamwambapa. Anafunsa nambala ya chipinda cha alamu, atayang'ana pa kompyuta anangoti iwo ali mu suite bwana, ndipo mmene anatchulira suite ndinamva ndekha kuti nkhani yatha. Anatembenuza sikirini kundionetsa pomwe ndinavomereza malamulo onse polipira ndili ku Lusaka, tsamba lomwe ndinadutsa ndi chala ngati ndikuthamangitsa ntchentche.

Anyamata ndi atsikana ogwira ntchito muja ine ndilibe nawo mlandu, amakhala miyezi yambiri osaona kwawo, ukagona ali pantchito ukadzuka ali pantchito, ndalama ija ndi yawo ndithu. Changa n'chakuti bwanji osangoiika mumtengo pachiyambi pomwe munthu adziwe chimodzi? Pa Soweto Market mayi akati tomato ndi K20 ndi K20, ukadandaula amakuikira mbasela, sakutsatira kunyumba usiku ndi envelopu yoti munagwiranso anyezi.

M'mawa tikufika ku Durban netiweki inabwera, foni inalira kamodzi, uthenga wa kubanki, malata otsala aja anapita osatsanzika. Potuluka m'chipinda ndinakumana ndi mnyamata wa njovu ataima mu corridor, akumwetulira kumwetulira kwa tsiku lomaliza. Ndinapisa m'thumba, munali K20 imodzi yokha. Ndinamupatsa ndi manja awiri n'kumuonetsa nkhwazi ili pamenepo, ndikufotokoza kuti iyi ndi mbalame ya dziko lathu, aisunge ngati chikumbutso. Anaitembenuza uku ndi uku n'kuti thank you sir, koma sir wake anali wafupi kuposa masiku onse.

Alamu sindinawauze kanthu, mlamu sumuuza zoterezi. Anatisiya pa basi ku Joburg akuti chaka chamawa tibwerezenso, ine ndikuti kwambiri. Basi itaima ku Francistown anthu onse anatsika kukagula nkhuku ndi chips, fungo lokhalokha m'basi, ine ndinatsamira pawindo kunamizira tulo, mimba ikulira moti wa mpando wakutsogolo anatembenuka. Ndinamva zipi ya handibegi ikutseguka. Madam anayala chitenje pamiyendo, anatulutsa mabanzi a pa buffet aja, olimba pang'ono koma mabanzi ndithu, jamu, bata, mpaka kampeni ka pulasitiki. Anapaka limodzi mosafulumira n'kuyamba kudya akuyang'ana kutsogolo.

Ndinakhosomola. Ndinati amayi, limodzi chabe.

Anatafuna kaye mpaka kumeza, n'kuti abambo, awa ndi a pamaliro aja, from madola awiri limodzi, jamu payekha, kuwonjezera 15%, ndipo musaine.