Nkhuku ya ku Lifupa inandidutsa pakamwa katatu

Ine ndimayendetsa Sienta pa Kasungu boma, ndipo pa madalaivala onse a pa siteji pathu, wodziwika kuti Chingerezi amachitafuna ndi ine. MSCE ili m'sutikesi, ndipo mukudziwa kuti pepala limenelo sapatsa munthu wolephera Chingerezi. Choncho atafika azungu awiri achikulire, bambo ndi mayi a ku Glasgow, ofuna hayala yokaona njovu ku Kasungu National Park, anzanga onse analoza ine. Mumtima ndinati laponda lamphawi. Kunyumba ndinachoka osalawa kanthu, poti woyenda ndi azungu sadikira phala.

M'njira ndinachilankhula ndithu. Ndinawalozera phiri la Kasungu ndi nyumba ya Kamuzu ya Nguru ya Nawambe, n'kuwauza za njovu 263 zimene anazisamutsa kuchokera ku Liwonde mu 2022, zomwe alimi a m'malire a pakiyo sazikamba akumwetulira. Adona ankangogwedeza mutu. Pageti tinakweza mlonda wa nyama, mkulu wamfuti, wosakamba zambiri.

Dzuwa lili paliwombo tinaima pa damu la Lifupa, mvuu zikufwenthera m'madzimo. Adona anatsegula bokosi lawo lozizira. Abale inu! Nkhuku yootcha, yofiira bwino, chipisi, mazira owiritsa, buledi wopaka kale. Kenaka anandiyang'ana n'kuti, "Would you mind joining us for lunch?"

Khutu langa linatola "lunch" ndi "joining", enawo ndinawasiya adutse. Ndinaimirira mwaulemu, manja kumbuyo. "Yes, madam! Very much!"

Kunangoti zii. Adona nkhope inagwa. "Oh, I see. I'm sorry," anatero, n'kutembenukira kwa mlonda uja ndi funso lomwelo. Iye anati, "Not at all, thank you." Ndinamumvera chisoni kuti koma pali anthu ena okana mwayi. Posakhalitsa ndinaona ntchafu yathunthu ikutera m'mbale yake. Wokana akudya, wovomera ndili chilili.

Ndinakakhala pa bonati ya galimoto, kumanamizira kuwerenga mvuu. M'mimba munkalira moti mwina bambo aja anamva, chifukwa anabwera ndi mbale m'manja. "Aren't you hungry?"

Apa mundiweruze nokha. Munthu atakufunsani kuti "Simuli ndi njala?" njala ikukupotokolani, mumati chiyani? Mumati ayi, ndili nayo. Ndi mmene tinaleredwera tonse. Ndiye ndinakuwa ndi mtima wonse, "No, sir!" n'kuyamba kupukuta manja pa buluku.

"Fair enough," anatero bambowo, n'kubwerera ndi mbale yawo. Chiwalo chimene chinali changacho chinakathera kwa mlonda yemwe uja.

Atakhuta, mkuluyo anabwera kugalimoto akutokosa m'mano ndi kaudzu. "Achimwene, kodi muli pa kusala kudya?"

Nditamufotokozera anaseka mpaka anatsamiritsa mfuti pa tayala. Kenaka anandiika m'kalasi pomwepo. Akuti "mind" ameneyo ndi kudandaula. Mzungu akati "Would you mind" sakufunsa ngati ukufuna chinthucho, akufunsa ngati chikusowetse mtendere. Ndiye "yes, very much" wangayo anamveka kuti inde, kudya nanu kundinyansa kwabasi. Wovomera amati "No, not at all" kapena "Go ahead". Anandionetsanso pozindikirira: liwu lotsatira limathera ndi -ing, ngati "Would you mind waiting", apo ayi pamabwera "if", ngati "Do you mind if I sit here". Za njalazo anati ife timayankha munthu wofunsayo, kumuvomereza kapena kumutsutsa, pamene iwo amayankha nkhaniyo. Ngati njala ilipo ndi "Yes, I am", kaya funso labwera chagada kaya chafufumimba.

Ndinamufunsa chifukwa chake sanandikodole. Anati pakamwa panali potanganidwa.

Masana amenewo njovu tinaziona, gulu lonse ndi tiana take, zikudutsa msewu osatilabadira. Azungu misozi ili m'maso. Ine maso anali pa chiwongolero, milomo ikuyeserera chamumtima: not at all, not at all. Ndipo chinthucho chinayamba kugwira ntchito! "Would you mind stopping here?" Ine, "Not at all, madam." Adona kumwetulira. "Do you mind if I open the window?" Ine, "Not at all, go ahead." Bambo aja mpaka anandisisita paphewa. Pomutsitsa mlonda pageti n'kuti ndikudzimva ngati ndinaphunzira ku Kamuzu Academy pa Mtunthama apa, kumene ana amaphunzira ndi Chilatini chomwe.

Tinafika pa loji yawo ku boma chakumadzulo, ine mawondo akunjenjemera ndi njala. Ndikutsitsa zikwama, adona anatsegulanso bokosi lija. Munali mutatsala theka lonse la nkhuku, chidali ndi phiko lake, atakulunga bwino. Anandilozetsa n'kuyamba, "Would you..."

Sindinadikire n'komwe kuti ndimve bwino. Mayeso amenewa ndinali nditawakonzekera kuchokera ku Lifupa.

"...like the rest of the chicken?"

"No, not at all, madam!"

Mawu atatuluka m'pamene khutu linandiuza kuti pamene ndimayembekezera "mind" padutsa "like". Ameneyo alibe zokhotakhota, ndi kukupatsa basi, ndipo yankho lake ngakhale mwana wa Sitandade 3 amalidziwa: "Yes, please." Koma mzungu sakakamiza mlendo chakudya monga amachitira amayi athu, oti ukakana kawiri amakuikira dala m'manja. Kukana kumodzi, nkhani yatha. Adona anauza amuna awo kuti sanaonepo munthu wodziletsa ngati ine, n'kupereka phukusilo kwa mlonda wa pa lojipo, amene analandira ndi manja awiri, osatchula liwu ndi limodzi lomwe la Chingerezi.

Bambo aja anali atatulutsa kale kachikwama kuti awonjezere ya fanta pamwamba pa hayala. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana akazi awo, n'kunena kuti sakufuna kundinyoza. Kachikwama kanabwerera m'thumba.

Tsoka lake, mlonda wa pa lojiyo ndi mlamu wake wa dalaivala mnzanga. Pofika m'mawa nkhani inali itafika kale pa siteji, ndi mafupa omwe ngati umboni. Mukabwera ku Kasungu n'kufuna hayala yanga, musavutike ndi dzina la pa laisensi, palibe akulikumbuka. Mungofunsa kuti a Notatolo aima pati.