Khoma la kumsika ndi chikwatu cha agogo

Sabata yathayi inali yaitali zedi nde ndati ndilembe zisanandithawe mmutu. Ine ntchito yanga ndi yoyendetsa timapulojekiti ta zachikhalidwe kuno ku Angónia, ndipo chaka chino tinapeza kandalama koti tijambulitse khoma lina lalitali pafupi ndi msika ku Ulongwe, mutu wake ndi nzeru za makolo zimene akulu amasiyira ana. Wojambula si ine ayi. Yanga ndi kupeza mmisiri, kumvana naye mtengo, kuyenda mmaofesi ndi kwa mafumu kupempha chilolezo, kugula tinta (penti), kenako kuonetsetsa kuti chomwe chakwera pakhomapo eni ake achivomera.

Lolemba mmawa ndinayala patebulo zithunzi za anthu atatu omwe anapikisana. Onse atatu anajambula Gule Wamkulu, sindinadabwe, chifukwa ngakhale otipatsa ndalama aja mkalata yawo anatchula gule kawiri konse. Chichokereni 2005 pomwe UNESCO, bungwe la maiko loona za maphunziro ndi chikhalidwe, inalengeza kuti gule ndi chuma cha dziko lonse lapansi, cha ife a Mozambique pamodzi ndi a Malawi ndi a Zambia, aliyense ukangoti chikhalidwe cha Achewa iye maganizo ali pa gule basi. Chithunzi chimene ma shefi anachikonda kwambiri chinali cha mnyamata wina wa konkuno, dzanja lake ndi labwino ndithu, anajambula Kasiyamaliro wamkulu pakati, kumbali kwake nkhalamba ikumveka kamnyamata chigoba kumutu, nkhope ya kamnyamatako theka ikuoneka. Iye akuti pamenepo nde pali uthenga wonse, mkulu kupatsira mwana. Ine nditachiona mtima unangoti myuu. Ndinakulira kumudzi, ndimadziwa kuti ichi sichingadutse, koma sindinafune kuti chikanidwe ndi ine, ndinati tipite nacho kwa eni ake.

Lachiwiri tinakwera mota ine ndi mnyamatayo mpaka kumudzi komwe amfumu anatiitanira akuluakulu. Kunkazizira, Angónia mukuidziwa mvula ikangotha, aliyense ndi chijuzi chake. Tinakhala pansi pa mtengo, abambo uku amayi uko, ine ndinagwada nkuomba mmanja nkupereka pepala lija kwa anyakwawa kuti alipititse kwa amfumu. Linayenda mmanja mwa abambo okhaokha, kwa amayi silinafike. Panakhala chete wautali. Kenako mkulu wina wa kubwalo analipinda pepalalo mbali yojambulidwa nkuloza mkati, nati, mwana wanga, uyu wamujambulayu ndi ndani? Mnyamata uja akuti palibe gogo, ndangomuganizira. Iwo akuti ayi, gule savala munthu, gule ndi chilombo chochokera kwa mizimu, iwe ukufuna ukaike pamsika pomwe pamadutsa ana osameta ndi amayi ogulitsa tomato kuti chilombo ndi mwana wa uje? Sanakalipe, anayankhula motsitsa kwambiri, koma anawonjezera kuti kumudzi munthu wochita zotere amalipa mlandu.

Mnyamatayo nkhope inagwa, ndinamumvera chisoni chifukwa anagonera usiku angapo pa chithunzicho. Iye anakulira mtauni, sanapite kudambwe, nde sankadziwa kuti walakwa pati. Ndipo apa mpomwe ine ndimaona kuti ntchito yathuyi ili ndi msampha, timafuna kuonetsa poyera nzeru zomwe zina mwa izo mphamvu yake ili pa kubisika. Zakudambwe zimaphunzitsidwa kudambwe, zakutsimba zimaphunzitsidwa kutsimba. Anamkungwi awiri omwe analipo nawonso ananeneratu kuti za chinamwali musayerekeze, ngakhale chingondo chimene namwali amavala kumutu tsiku lotuluka anati chisakhalepo. Ine ndinayesa kufunsa mwaulemu kuti nanga makolo aja anajambula mmapanga bwanji, ndimanena zojambula zoyera zija za ku Chongoni tsidya la Dedza, komwe kuli malo 127 ndipo UNESCO inawalemba ngati chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006, zambiri mwa izo ndi za chinamwali ndi za nyau. Anamkungwi amodzi anandiyang'ana nati, mdzukulu wanga, phanga lili kumsika? Ndinangoti zikomo gogo.

Amfumu anatikumbutsanso china chomwe ife achinyamata timaiwala. Anati dziko litangolandira ufulu mu 1975 zinthu izi zinkatchedwa za mdima, mafumu anaikidwa pambali, gule ankavina mozemba, kenako nkhondo inabalalitsa anthu ambiri kuthawira ku Dedza ndi ku Ntcheu mpaka mtendere wa 1992, ndipo mafumu boma linadzawazindikiranso mu 2000. Akuti zonsezo mwambo unapulumuka chifukwa unali mmitima ndi pakamwa pa anthu odziwa kusunga, lero poti kwabwera ndalama nde tiupachike pakhoma? Koma sanatseke khomo. Anati gule akhoza kuoneka patali, ali pabwalo mmene aliyense amamuonera, fumbi lili koboo, ng'oma zili apo, amayi akuyimba. Kupitirira apo ayi.

Tikufuna kutsanzika, agogo ena aakazi omwe anangokhala phee nthawi yonseyi anatukula dzanja. Anati inu mukuvutika ndi zobisika, zosabisika zomwe ana akuiwalazi bwanji? Ndani mwa atsikana a pano angasoke chikwatu? Amayi onse anaseka, ena nkumaloza ana awo. Ndinatembenuka kuona mnyamata uja, akufunsa chapansipansi kuti mana, chikwatu nchiyani.

Lachitatu ndilibe nazo zambiri, linali la mapepala ndi ulendo. Tinta yolimba ya panja kuno imasowa kapena imakwera mtengo, nde ndinadzuka mbandakucha kukwera shapa (minibasi) ya ku Tete kudzera ku Mussacama ndi ku Moatize, kuchoka kozizira kukafika kotentha ngati mu uvuni. Makotesau atatu, mapepala a mitengo ya tinta, a masitolo atatu osiyana monga malamulo a opereka ndalama amafunira, sitampa apa sitampa apo, kubwerako usiku miyendo itatupa.

Tsiku lomwe ndikufuna kukamba kwenikweni ndi Lachinayi. Tinabwerera kwa agogo aja mmamawa, tinawapeza atathyola kale masamba a msuku dengu lodzaza, aja akuluakulu okhakhala. Pa mphasa anali atayanika mfutso wa nkhwani ndi khwanya, anatifotokozera kuti masamba umawafutsa pang'ono mmadzi otentha osati mpaka kupsa, nkuwayanika padzuwa mpaka aziti tswatswa ukawagwira, ukawasunga ali ndi chinyontho amachita nkhungu ndipo ntchito yonse yapita pachabe. Kenako anakhala pansi miyendo tambalale nkuyamba kulumikiza masamba a msuku aja, tsamba pamwamba pa linzake, kubaya ndi timitengo tating'ono ngati akusoka nsalu, kachibaya kachibaya mpaka chinthu chikuzungulira ngati mbale yakuya. Zala zawo ndi zopindika ndi ukalamba koma sizimaphonya, maso ali kwa ife akucheza, manja akugwira okha. Anathiramo mfutso, kutsendera, kutseka pamwamba ndi masamba ena, kumanga ndi luzi mopingasa mpaka chinakhala chibulunga ngati mpira, nkusiya kachingwe kopachikira kudenga la kukhitchini komwe utsi umafika. Akuti mu Okutobala dzuwa likaswa mtengo, kudimba kutauma, ukamasula chimenechi nkutendera nsinjiro ana amadya ngati mwagula nyama.

Mdzukulu wawo wa zaka mwina khumi ndi ziwiri poyamba anangoima patali ndi foni ya amake. Agogo sanamuitane. Anangokankhira masamba angapo mbali yake osamuyang'ana. Patapita kanthawi mwana uja anakhala pansi, kubaya koyamba tsamba linang'ambika, kachiwiri chimodzimodzi, agogo anangomugwira dzanja nkulisunthira pafupi ndi msempha wa tsamba, amvekere apa, polimbapa. Mawu ake anali omwewo basi. Mnyamata wojambula uja anali atasiya kufunsa mafunso, makala ali mmanja akungojambula manja anayiwo, aakulu okwinyika pamwamba pa ang'onoang'ono. Anajambula mapepala asanu ndi awiri a manja okhaokha. Pobwerera pa mota anandiuza kuti mana, pakati pa khoma pakhala manja amenewa, gule apita kumapeto uko patali mmene anenera amfumu.

Agogowo anatiuzanso kuti chikwatu anaphunzira kwa amayi awo, ndipo nthawi yothawa nkhondo ali tsidya linalo ankasoka ndithu chifukwa ufa ndi nyemba zolandira zinalibe masamba. Anationetsa chimanga cha mbewu chomwe anachikoleka pamwamba pa moto kuti anankafumbwe asachiboole, ndi kamphika kodontheza chidulo cha therere. Zonsezi zilowa pakhoma. Nkhani ya mitundu ya tinta nayo inatha pomwepo, pakhonde pawo pali pozira bwino, pansi mtsiro wakuda, mmwamba katondo wofiira ndi mizere yoyera. Mnyamatayo anatapa dothi lililonse mu kapepala kuti akasakanize tinta yofanana nalo. Anafunanso kuti agwiritse dothi lenilenilo koma ndinamuletsa, khoma la panja mvula ya Januwale ingalitsuke sabata imodzi. Agogo atamva anati nanga ife timazira kamodzi moyo wonse? Chaka ndi chaka timazira. Nde tinagwirizana kuti mmunsi mwa khoma, kuyambira pansi kufika mbondo, tisiyamo mopanda tinta, amayi a kumsika ndi atsikana azidzazira ndi mtsiro mvula ikatha chaka chilichonse. Ganizo limeneli ndi lawo, ndipo mu lipoti ndalemba choncho.

Lachisanu kunali kukangana kuwiri. Koyamba nkhani ya ndalama. Mu bajeti muli mzere wa wojambula, wa tinta, wa makwerero, wa zokhwasula-khwasula tsiku lotsegulira, koma wa agogo aja ndi akuluakulu omwe anatipatsa tsiku lawo lonse mulibe. Shefi wina anati apatseni sopo ndi shuga monga mwa nthawi zonse. Zinandiwawa kwambiri. Munthu wochokera ku Maputo akabwera kudzatiuza za chikhalidwe chathu chomwe timamutcha konsultori, timamulipira pa tsiku, hotela ndi galimoto, koma mwini nzeru yemwe chithunzi chonse chatsamira pa manja ake alandire sopo? Ndinakana kusaina. Tinakokanakokana mpaka masana, mapeto ake tinachotsa theka la ndalama ya zakumwa za tsiku lotsegulira nkuika mzere watsopano wa aphunzitsi a mwambo, mametikali ake si ambiri koma alembedwa dzina la ntchito yake ndipo asainira okha, kapena kudinda chala. Ndinaikanso mu kontarato ya wojambula kuti chithunzi chomaliza chisanakwere pakhoma chikaonedwe kaye kumudzi, ndipo nkhope ya agogo kapena ya mwana uja isajambulidwe popanda iwo ndi makolo ake kulola.

Kwachiwiri kunali kwa mawu olemba pakhoma. Ena amafuna Chipwitikizi chokha poti ndi chiyankhulo cha boma. Ine ndinati amayi ogulitsa mbatata ndi nyemba pamenepo amayankhula chani? Tinamvana kuti Chinyanja pamwamba zilembo zazikulu, Chipwitikizi pansi. Koma apo panabukanso ina, tilembe chikwatu kapena cikwatu? Mabuku a kuno a sukulu zophunzitsa mzilankhulo ziwiri amalemba c yekha, Cinyanja, pomwe anthu ambiri a mmalire muno anazolowera ch wa mmabuku a tchalitchi ndi a ku Malawi. Mphunzitsi wina yemwe ali mu komiti anaumirira kuti ana ake a kalasi yoyamba asasokonezeke, zomwe akuona pa bolodi zikhale zomwe akuona pakhoma, ndipo ine ndinaona kuti akunena zoona ngakhale ineyo ndimalemba ndi ch. Pakhoma palembedwa cikwatu. Akulu awerenga ndithu, sangasochere ndi chilembo chimodzi.

Madzulo ake ndinaimbira amfumu kuwauza zonse, anati zili bwino, anawonjeza kuti chikatha mutijambulire pa foni tikaonetse anzathu ku Kulamba mu Ogasiti, ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi, aone kuti a ku Mozambique sitinagone.

Loweruka tinayamba khoma lenilenilo. Anyamata awiri anapala zikwangwani zakale ndi ndere, pedereru anamata ming'alu ndi simenti, tinapaka koti yoyamba yoyera kusiya mmunsi muja. Anthu a pamsika mafunso osatha, mukulemba za chipani? za kampani ya foni? Mayi wina wogulitsa mandasi nditamuuza kuti tijambula chikwatu anaika beseni pansi nkuyamba kundifotokozera mmene agogo ake ankamangira, akuti kwawo ku Tsangano luzi amadutsitsa kanayi osati katatu, ndipo anati tikalakwitsa adzatiuza pompo. Mnyamata uja analemba zimenezo kuseri kwa pepala lake. Cha mma 4 koloko tinta itauma anakwera pa makwerero ndi chingwe chopaka makala, ine ndagwira mbali ina iye ina, kukoka nkuchisiya chimenye khoma kuti mizere ya mabokosi ituluke. Tinafika theka dzuwa nkulowa. Lolemba ndikatenga agogo ndi mdzukulu wawo pa galimoto ya ofesi adzaone pepala lomaliza, ananena kuti abweretsa chikwatu chija kuti mnyamatayo aziyang'anira mfundo za luzi akamajambula.