Chifukwa chiyani mabanki amachedwa kusintha makina?

Dzulo ndinaima pamzere ku banki ina kuno ku Zomba pafupifupi maola awiri, kufika pa kauntala akuti "pepani bambo, netiweki yavuta", pomwe panja pomwepo mayi wa Airtel Money pansi pa ambulera akutumiza ndalama mphindi imodzi basi. Zinandiwawa kwambiri.

Koma nkhani yake siyophweka ayi. Mabanki akuluakulu ambiri padziko akuyendabe pa sisitimu zakale, mapulogalamu ena analembedwa mu COBOL, chiyankhulo cha kompyuta cha mu 1959, ndipo ochidziwa bwino akalamba, akuchepa. Kusintha sisitimu yotere kuli ngati kufolera nyumba mvula ikugwa, akaunti iliyonse, ngongole iliyonse, chiwongola dzanja, zonse zisamuke osasowa olo tambala imodzi uku anthu akutapabe ndalama pa ATM usiku ndi usana. Mu 2018 banki ya TSB ku UK inasamutsa sisitimu yake zinthu nkusokonekera, makasitomala ambirimbiri osatha kulowa mu akaunti zawo kwa masabata. Ndiye mabwana amaopa, komanso kuno Reserve Bank imawayang'anira.

Ndikumvetsa ndithu, komabe agogo amene anali patsogolo panga anachokera ku Chingale m'mamawa kudzatenga penshoni, anabwerera chimanjamanja, ya thiransipoti itapita.