Zaka 10 tikukonza mainjini a dizilo pa Dedza

Mwezi uno galaja yathu yakwanitsa zaka 10, ndipo tachoka pansi pa mtengo paja n'kulowa m'nyumba ya malata m'mbali mwa msewu wa M1, pa Dedza boma. Inu amene munatidziwa tili ndi bokosi limodzi la zipanera ndi kompulesa yobwereka, bwerani mudzaone pamene tafika.

Timakonza mainjini a zigayo, majenereta, mathirakitala, mapampu othirira kachewere ndi malole. Koma chimene chatimangira dzina n'chimodzi: sitimasula injini tisanayeze kompuleshoni, kutanthauza mphamvu imene injini ikufinyira mpweya m'kati mwake. Ambiri amabwera atagula kale mainjekita (timipopi tomwaza mafuta mu injini) atsopano, ena atasinthitsa pampu ya mafuta, ndalama zapita koma injini ikukanabe kulira m'mawa. Timachotsa injekita, n'kumanga geji pamalo pake, n'kuzunguza injini. Muvi wa geji ukakwera mwaulesi n'kuima panjira, mwini wake amadzionera yekha kuti vuto silinali mafuta.

Injini ya dizilo ilibe mapulagi othetheka moto ngati ya petulo. Moto wake umachokera mu mpweya womwe timapumawu. Pisitoni ikamakwera imafinya mpweya m'silinda mpaka malo ake kuchepa ka 18 kapena kuposerapo, ndipo imachita zimenezi mwachangu moti kutentha sikupeza mpata wothawira m'zitsulo. Mphamvu yonse yofinyira ija imatsalira mu mpweyamo, n'kuutenthetsa. A sayansi amati adiabatic compression. Wakabaza aliyense amazidziwa, chifukwa pampu ya njinga imatentha kumunsi akamapopa mothamanga. Pa pepala, mpweya wa madigiri 27 ukafinyidwa ka 18 osataya kutentha ngakhale pang'ono, umafika pafupifupi madigiri 680. Injini yeniyeni siifika pamenepo, poti mpweya wina umapulumuka ndipo zitsulo zimaba kutentha kwina, koma yabwinobwino imadutsa 500, pamene dizilo amayaka yekha asanafike n'komwe pa 300. Injekita ikangomwaza mafuta, moto buu! Kenako mpweya umafutukuka, n'kukankha pisitoni kubwerera pansi, ndipo umazizira pamene ukupereka mphamvu ija ku shafiti. Ndi nzeru imene Rudolf Diesel anaionetsa kuti imagwira ntchito mu 1897 ku Augsburg, m'dziko la Germany, ndipo chigayo cha ku Lobi chikudalira yomweyo lero.

Tsono maring'i (timikombero totseka mpata pakati pa pisitoni ndi silinda) akatha kapena mavavu (totsekera polowera ndi potulukira mpweya) akamadontha, mpweya umathawa usanatenthe. Batire ikafooka, sitata imazungulira pang'onopang'ono, kutentha n'kupeza nthawi yolowa m'zitsulo. N'chifukwa chake injini yomwe imalira bwinobwino mu Okutobala imavuta mu Juni ndi Julaye. Kuno ku Dedza nkhaniyi ndi yaikulu, chifukwa tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, mpweya ndi wopepuka ndiponso wozizira. Ngakhale kuzizira kwathuku gwero lake n'lomweli. Mpweya ukamakwera phiri umafutukuka n'kuzizira, wouma umatsika pafupifupi digiri imodzi pa mamita 100 alionse. Lole yomwe yalira kamodzi n'kamodzi ku Golomoti ikagona kuno, m'mawa dalaivala amatiimbira foni.

Ntchito inachuluka mu 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale. Majenereta amene anagona zaka m'magalaja anatulutsidwa onse, ndipo tinkagwira mpaka usiku ndi tochi pamphumi. Tinalimba mtima n'kutenga ngongole yogulira kompulesa yathuyathu ndi zipangizo zoyezera.

Kenako Novembala 2023 anafika, kwacha n'kugwa ndi 44 peresenti. Mitengo ya zipangizo inakwera tsiku limodzi. Mkulu wina amene tinkaodako katundu kwa zaka zambiri anatibweretsera maring'i m'mabokosi okongola, olembedwa dzina lodziwika, pamtengo wa enieni. Anali achinyengo. Mainjini amene tinamanga nthawi imeneyo anayamba kubwerera limodzilimodzi, akufuka utsi, akumwa oyilo, geji ikuwerenga theka. Mkuluyo foni anasiya kuyankha. Tinamasula onse n'kuwamanganso ndi ndalama za m'thumba mwathu, chifukwa mwini chigayo sanalakwe chilichonse, ndipo tsiku lililonse chigayo chikaima ndiye kuti mudzi wonse ukuyenda mtunda ndi matumba pamutu. Apo n'kuti obwereketsa ndalama aja, amene ankatimwetulira posainirana, akubwera Lachisanu lililonse kudzayang'ana kompulesa ngati yawo kale. Chiwongoladzanja chawo katapila sangachite nacho manyazi. Ngongoleyo tinamaliza kubweza, ndipo khomo lawo sitidzagogodanso. A maring'i aja, ngati mukuwerenga, mabokosi anu tinawasunga.

Zikomo kwa mayi a kunyumba, amene anagulitsa kachewere wa m'dimba lawo kuti anyamata alandire malipiro miyezi imene galaja inali pa ziro. Zikomo amalume, amene munandipatsa sipanera yoyamba ndi kundiphunzitsa kumvetsera injini ndi khutu ndisanaigwire. Zikomo amayi a banki mkhonde ya kwathu, munatikhulupirira opanda chikole. Anyamata anga a pagalaja, amene manja anu sayera ngakhale Lamlungu, Mulungu akudalitseni. Eni zigayo a ku Linthipe, Bembeke, Mayani ndi Chimbiya, munadikira pamene tinakupemphani kudikira, ndipo munabweranso ndi anzanu. Madalaivala a malole, inu ndi amene mwafalitsa dzina lathu kuposa chikwangwani. Sindikuiwala abusa ndi mpingo wonse, ngakhalenso mayi ogulitsa tiyi pafupi nafe, amene anatikongoza zibanzi osalemba.

Panyumba yatsopanoyi tawonjezera kukonza makompulesa a opopa matayala ndi opaka penti. Musamagwire paipi yochokera kumutu kwa kompulesa ikamalira, chifukwa mpweya wofinyidwa kufika mabaa 8 (muyeso wa kufinyika kwa mpweya pa geji) ungayandikire madigiri 290 usanazizire. Ukazizira m'thanki umasiya madzi, ndipo madziwo ndi amene amadyetsa thanki dzimbiri. Tsegulani kampopi ka pansi madzulo alionse. Ngati kanauma ndi dzimbiri, tibweretsereni tikasinthe.

Mwezi wonse uno kuyeza kompuleshoni n'kwaulere kwa aliyense wobwera ndi injini yake, ndipo a zigayo akutali timawatsatira konko, inu mungolipira mafuta a njinga yamoto. Chipangizo chilichonse timakuonetsani chisanalowe mu injini, chakale timakubwezerani m'manja. Bwerani chisanu chisanayambe, ndipo batire musaisiye kunyumba, tidzayezera limodzi.