Zandilowa tsopano, sipika siiyankhula kutsogolo kokha

Miyezi inayi ndakhala ndikulimbana ndi graph imodzi, ndipo dzulo usiku ndi pomwe zandilowa, mpaka ndinangokhala pansi maiki ili m'manja n'kumati ii, kani nkhani yonse yagona apa. Graph yake ndi ya frequency response, mzere woonetsa mphamvu ya mawu a sipika pa frequency iliyonse, kuyambira mawu otsika a bezi mpaka okwera.

Vuto langa linali ili. Ndikayeza pampando womvera ndi maiki yoyezera ya UMIK-1 pa pulogalamu ya pakompyuta ya REW, pa mzerewo pamaoneka dzenje cha pa 2 kHz kenako kaphiri pa 3 mpaka 4 kHz. Ine basi kutenga EQ, chida chokwezera kapena kutsitsira mawu pa frequency yomwe wasankha, kukwirira dzenjelo, kugumula phirilo, mzere n'kuwongoka bwinobwino pa sikirini. Koma ndikaika nyimbo mawu a woimba amalasa m'khutu ngati akuimbira m'mphuno, ndikazimitsa EQ zimakhalako bwino, ndiye ndinayamba kukayikira makutu anga omwe.

Chimene sindimachigwira n'choti maiki pampandopo imatola zinthu ziwiri zosakanikirana, mawu obwera molunjika ndi aja otulukira m'mbali n'kukanjanja pa makoma, pansi ndi kusiling'i. Mawu amayenda mamita 343 pa sekondi, ndiye pa 2 kHz funde limodzi limatalika masentimita 17, pafupifupi kukula kwa woofer (sipika yaikulu ya mawu otsika m'bokosimo) ya mainchesi 6.5. Pamenepo woofer imayamba kuponya mawu kutsogolo ngati tochi, m'mbali mumachepa. Crossover, yomwe imagawa mawu pakati pa woofer ndi tweeter (kasipika ka mawu okwera), ikasiyira ntchito tweeter ya mamilimita 25, kanthu kakang'onoka kamamwaza mawu ponseponse ngati babu. Kutsogolo mzere uli bwino, koma kumbali kuli dzenje ndi phiri. Dzenje lomwe ndimakwirira lija silinali m'mawu olunjika ayi, ndiye ndimaononga gawo labwino kale pofuna kukonza gawo lomwe EQ singalifikire palokha, chifukwa EQ ukakweza imakweza mbali zonse nthawi imodzi, kusiyana kwa kutsogolo ndi kumbali kumatsala pomwepo.

Izi ndinaziwerengapo kangapo koma zandilowa nditayeza ndekha. Ndinaika sipika pa stand pakati pa chipinda, pansi pake pepala lomwe ndinalembapo madigiri ndi cholembera, maiki pa mita imodzi molingana ndi tweeter, gate ya 4 ms (kutenga mawu a mamilisekondi anayi oyamba okha) kuti mawu onjanja asalowemo. Kuyeza pa 0, kutembenuza pa 30, kenako 60. Mizere itatuyo nditaisanjikiza, wa 60 uja unatsetsereka kufika pa 2 kHz n'kudzukanso pomwe tweeter yalowa, ndendende dzenje ndi phiri langa lija. Ine ndikuti aliyense wofuna kumvetsa masipika ayambe ndi kutembenuza kumeneku, ola limodzi ndi pepala pansi limaposa miyezi yonse ndinataya ija.

Tsopano ndi pomwe spinorama, graph yoonetsa momwe sipika imamwazira mawu mbali zonse, yayamba kundiyankhula. Ija ya muyezo wa CTA-2034 amayeza ka 70, madigiri 10 aliwonse mozungulira m'mbali ndiponso mmwamba ndi mmunsi, ndipo mzere wa DI (directivity index, kusiyana kwa mawu a kutsogolo ndi a mbali zonse) pansi paja womwe ndimangoudumpha ndi umene umaulula zonsezi. Wofufuza Floyd Toole ku NRC, bungwe la kafukufuku la ku Canada, m'ma 1980 ankauza kale anthu kuti amvetsere masipika obisidwa kuseri kwa katani, ndipo Sean Olive ku kampani ya Harman mu 2004 anapanga masamu olosera zomwe omvera angakonde, pa masipika 70 zinagwirizana kufika pa 0.86, pomwe 1 ndiye kugwirizana kwathunthu. Ma waveguide (timbale tozungulira tweeter totsogolera mawu) a masipika a Genelec ndi Revel, kapena Uni-Q ya KEF yomwe tweeter imakhala pakati pa cone, zonse n'zofuna kuti woofer ndi tweeter zikumane zikumwaza mawu mofanana. Kwa ine pano sipika yodula yomwe opanga ake akungoonetsa mzere wa kutsogolo wokha siinandiuze kanthu.

Chondipweteka ndi ofotokoza zinthuzi. Ambiri amangoyamba ndi ka = 1 ndi ma polar plot ngati tonse tinabadwa tikuzidziwa, ena nawo amangoti khulupirira makutu ako basi. Palibe anandiuzapo kuti iwe tembenuza sipikayo uone. Nthawinso ndiye ilibe chisoni, kuyeza kumafuna zii, ndiye ndi usiku wokha munthu utatopa kale, sweep, mawu oyezera, ikangoyamba galimoto yadutsa, uyambirenso.

Pomwe ndikadali kakasi ndi apa. Gate ya 4 ms imatanthauza kuti pansi pa 250 Hz sindikuona zenizeni, ndipo kumeneko chipinda ndi chomwe chimalamula bezi. Komanso DI ikhoza kukhala yosalala pa sipika yomwaza mawu kwambiri ndi pa ina yolunjikitsa, zonse ziwiri zokongola pa pepala. Yomwaza imandikomera, nyimbo imatambasuka, koma chipinda changa makoma ake ndi opanda kanthu, ndiye kaya ndikukonda sipikayo kapena ndikukonda makomawo. Za mmwamba ndi mmunsi sindinayezebe, stand yanga siilola kuigoneka chammbali.