Tchizulo Zinayi Zimene Ndinadikira Miyezi Isanu ndi Iwiri

Phukusi linafika Lolemba m'mawa ndili pakati podula matabwa a kabati ya madirowa asanu ndi limodzi, imene mwini wake akuifuna mwezi uno usanathe. M'katimo munali tchizulo zinayi, za mamilimita 6, 12, 19 ndi 25 m'lifupi, zokulungidwa m'pepala lopaka mafuta kuti zisachite dzimbiri panjira, pamodzi ndi kakalata kolemba pamanja kofotokoza mtundu wa chitsulo ndi kulimba kwake. Ndinaziitanitsa miyezi isanu ndi iwiri yapitayo kwa mmisiri wina amene amasula yekha, kuumba zigwiriro yekha ndiponso kuyankha makalata yekha, moti ntchito imene ndinazigulira poyamba inatha kalekale ndi zida zina.

Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito anazitembenuza uku ndi uku, kenaka anafunsa mosabisa kuti, "Kodi amisiri, zimenezi zikusiyana pati ndi zili m'bokosizi?" Ankanena tchizulo zanga zakale za m'fakitale, ndipo funsolo linali labwino, chifukwa ine sindili m'gulu la anthu amene amanyoza zida za m'fakitale. Puleni yachitsulo imene ambirife timagwiritsa ntchito inafala chifukwa kampani ya Stanley inagula umwini wa mapangidwe a Leonard Bailey mu 1869 n'kuyamba kupanga mapuleni ochuluka pamtengo umene mmisiri wamba akanakwanitsa, ndipo ina mwa mapuleni amenewo ikupalabe matabwa mpaka lero. Ngakhale kampani yopanga zida ya Lie-Nielsen, imene inayamba mu 1981 ngati ntchito ya munthu mmodzi, inakula pobwereza mapangidwe akale omwewo mosamala kwambiri. Chimene chinanditengera kwa wosula payekha ndi chakuti tchizulo zanga zakale zili ndi m'mbali mochindikala, ndipo poyeretsa ngodya za dovetail, mano olowana amene amalumikiza matabwa a dirowa, zimakanda thabwa la pambali, chilema chimene chimaoneka dirowa likangotsegulidwa. Fakitale singasinthe makina ake chifukwa cha dandaulo la munthu mmodzi, koma mmisiri uyu ndinamuuza kuti m'mbalimo apale mpaka mutsale mopyapyala ngati chikhadabo, ndipo anachitadi zomwezo.

Lachiwiri lonse sindinakhudze kabati, popeza tchizulo yatsopano, kaya yachokera kwa yani, siyamba ntchito msana wake, mbali yake yosalala ija, usanawongoledwe. Ndimapaka inki yakuda kumsana konse, n'kukhutiza pamwala wonolera wa nambala 1000 kangapo, ndipo pamene inki yatsala m'pamene chitsulo sichikukhudza mwala. Zitatu zinayera m'mphindi zochepa, ndipo ndinapitiriza nazo pamiyala yosalala koposa, wa 4000 ndi wa 8000, mpaka zinayamba kuonetsa nkhope. Ya mamilimita 25 inali ndi kamimba pakati, kamene maso sangakaone koma mwala umakaulula, ndipo inandidyera ola lathunthu ndi khungu la zala ziwiri. Izi sizinandidabwitse kwenikweni, chifukwa chitsulo chimapindika pang'ono chikamizidwa m'mafuta chili chofiira pochilimbitsa. Osula a ku Japan, m'mizinda ngati Miki ndi Sanjo, anathana ndi vutoli kalekale pokumba kachigwa kumsana kwa tchizulo kuti wonola azingolimbana ndi m'mphepete mokha, komanso pomatiza chitsulo cholimba chopyapyala pa chitsulo chofewa. Wanga uyu amasula mwa njira ya ku Ulaya, chitsulo chimodzi kuyambira kunsonga mpaka kuchigwiriro.

Tsiku lovuta linali Lachitatu. Ndinatenga ya mamilimita 12, yonoledwa mpaka kumeta ubweya wa pamkono, n'kuyamba kugoba thabwa la mtengo wolimba wa oak mopingasa mitsempha yake. Nditamenya ndi nyundo yamtengo kasanu kapena kasanu ndi kamodzi ndinamva kuti ikukana kulowa, ndipo nditaiyang'ana powala ndinapeza kuti nsonga yapindikira kumsana ngati chivindikiro cha chitini. Ndinanolanso, ndipo inapindikanso. Mnyamata uja sananene kanthu, koma anatsegula bokosi n'kundipatsa tchizulo yakale ya m'fakitale, ndipo kukhala chete kwakeko kunandiwawa koposa mawu. Masana ndinajambula nsongayo pafupi kwambiri n'kutumiza chithunzicho kwa wosula uja ndi mawu amene, ndikawawerenganso lero, ndikuona kuti anali ouma kuposa mmene zinafunikira.

Yankho linabwera usiku womwewo, lochokera kwa munthu amene anagwira chitsulocho ndi manja ake. Anandikumbutsa kuti amagwiritsa ntchito chitsulo cha mtundu wotchedwa O1, chimene amachitenthetsa kufika pafupifupi madigiri 800, n'kuchimiza m'mafuta, kenaka n'kuchifunditsanso pa madigiri pafupifupi 200 kuti chisakhale chophwanyika ngati galasi. Pa kutentha koyambako, kaboni wa pamwamba pa chitsulo amapsa ndi mpweya, ndipo kunsonga, kumene chitsulo ndi chopyapyala, mbali yofewayo imatha kutsalira ngati wosula sanaipale mokwanira. Anavomera kuti pa tchizulo imeneyi n'kutheka kuti sanapale mokwanira. Anandipempha kuti ndidye milimita imodzi kapena iwiri kunsongako, ndinole pa ngodya ya madigiri 30 m'malo mwa 25 popeza ndikumenya thabwa lolimba, ndipo anati ikapindikanso ndiibweze iye alipira ulendo wake n'kusula ina. Ndagwira ntchitoyi zaka zambiri, ndipo zida zolakwika ndabwezapo kangapo, koma aka kanali koyamba kuti wina andiuze chimene chinalakwika m'kati mwa chitsulo m'malo mongondipatsa china chofanana nacho.

Lachinayi m'mawa ndinachita monga ananenera, ndikupala pang'onopang'ono pagirayinda ndi kumiza m'madzi pafupipafupi, chifukwa nsonga ikangosanduka yabuluu ndiye kuti waifewetsa wekha ndipo wosula alibenso mlandu. Nditadya milimita imodzi ndi theka, mwala unayamba kumveka mosiyana pansi pa chitsulo, ngati ukukanda chinthu chouma. Tchizulo ija inagoba ngodya za madirowa anayi osabwereranso pamwala, ndipo m'ngodyamo munatuluka moyera, mopanda kachikanda kalikonse. Ndimakonda O1 chifukwa imanoleka msanga ndipo imathwa kwambiri. A2, mtundu wina wa chitsulo, imene ili ndi chromium wochuluka ndipo imalimbitsidwa ndi mpweya, imakhalitsa isanabunthe koma imatopetsa pamwala, ndipo munthu amene amanola kangapo patsiku amasankha chimene dzanja lake lingapirire. Madzulo ake ndinaumba miyendo ya kabati ndi tupa imene ndinagula zaka zapitazo kwa opanga a ku France, kumene makampani ngati Auriou ndi Liogier anatchuka podzutsa mano a tupa limodzilimodzi ndi nyundo. Popeza dzanja silibwereza ndendende ngati makina, manowo sakhala pamzere umodzi, choncho sasiya mikwasa yakuya pathabwa.

Komabe sindingalembe za mlungu uno n'kubisa za Lachisanu. Pali mmisiri wina wopanga macheka amene ndinamulipira theka la mtengo chaka chatha, atalonjeza miyezi inayi. Poyamba ankayankha kuti zitsulo zachedwa, kenaka anati wadwala, ndipo kwa miyezi itatu tsopano sakuyankha konse. Lachisanu ndinamulembera kalata yachinayi yopempha kuti andiuze tsiku kapena andibwezere ndalama. Sindikukhulupirira kuti ndi wakuba, chifukwa macheka ake ndinawagwirapo kwa mnzanga ndipo amadula mowongoka bwino. Ndikuganiza kuti analandira maoda ambiri kuposa manja ake, ndipo ndalama za atsopano zikulipira zitsulo za akale. Ntchito ya munthu mmodzi imaima iye akadwala, ndipo palibe ofesi ina imene ungakadandaule. Kuyambira pa nkhani imeneyi, ndisanapereke ndalama ndimafunsa kuti pamzere pali anthu angati, ndimafunsa ngati amalandira malipiro asanayambe kapena atamaliza, ndipo ndimafufuza kwa amisiri anzanga amene alandira katundu wake posachedwa, osati zaka zisanu zapitazo. Wosula tchizulo uja sanalandire kalikonse mpaka tsiku limene anayatsa moto wa oda yanga.

Loweruka tinamaliza madirowa awiri otsala n'kuwalowetsa m'kabati, ndipo dirowa lachisanu linafuna kupalidwa pang'ono m'mbali lisanayambe kuyenda bwino. Mnyamata uja anapempha kuti ayese tchizulo yatsopano, ndipo ndinamupatsa ya mamilimita 19 ndi chidutswa cha paini. Atagoba kangapo anandifunsa ngati nayenso ayambe kusunga ndalama zoti aitanitse zake. Ndinamuuza kuti ayambe wawongola misana ya tchizulo zisanu za m'bokosi zija, zimene wakhala akuzinola kutsogolo kokha kuyambira pamene anabwera, ndipo ndinamupatsa inki ndi mwala wa 1000. Pamene ndinkatseka mawindo anali akadali pa yoyamba, ndipo wopanga macheka uja anali asanayankhe.